Mapanelo angati kuti mabatire adzaze: zolemba za ntchito yanga ya sola

Tsiku 1

Ndayamba kulemba izi chifukwa kwa miyezi itatu tsopano inveta, chipangizo chosandutsa magetsi a mabatire kukhala a m'nyumba, yakhala ikundidzutsa mbandakucha. Imalira cha m'ma 4 koloko, kenako imazima, firiji nayo zii. Nyumbayi ilibe magetsi ena kupatula a dzuwa, ndiye inveta ikazima palibe kwina kothawira.

Zomwe zilipo ndi izi. Mabatire anayi a asidi, othira madzi aja, lililonse 12V ndi 200Ah. Ndinawalumikiza awiriawiri kuti apereke 24V ndi 400Ah, zomwe papepala ndi 9,600Wh (Wh ndi mawati kuchulukitsa ndi maola). Padenga pali mapanelo awiri a 250W, ndipo pakati pa mapanelo ndi mabatire pali kontrola yoyang'anira kuchaja, ya mtundu wa PWM. Inveta ndi ya 1,500W.

Maganizo anga oyamba anali akuti mabatire atha, ndikagule ena. Chomwe chandiletsa ndi haidiromita, kachubu kagalasi koyezera kulemera kwa asidi. Lero kunali dzuwa loswa mtengo, kumwamba kopanda kamtambo, koma madzulo nditayeza maselo onse 24, asanu ndi limodzi m'batire lililonse, ndapeza 1.20 ndi 1.21. Batire lodzaza la mtundu uwu limakhala cha m'ma 1.27. Ndiye kuti ngakhale tsiku labwino chonchi mabatire sakufika pamwamba. Kale ndinkayang'ana mavoti pa kontrola madzulo, ndikaona 25.6V mtima n'kukhala pansi. Koma batire lomwe langochoka pa chaji limaonetsa mavoti okwera ngakhale mkati muli theka. Mavotiwo amanena zoona batire likapuma maola angapo popanda cholowa kapena chotuluka.

Ndatsimikiza kuti sindigula kanthu mpaka nditayeza chilichonse. Mabatire atsopano akanangofa imfa yomweyi.

Tsiku 2 mpaka 8

Mnzanga wodziwa zamagetsi wandibwereka jenereta yaing'ono ndi chaja. Atamva za 1.20 ija sanachedwe. "Achimwene, musadikire masamu. Dzazani kaye mabatirewo lero lomwe, masamu muchite ali odzaza." Ananena zoona. Batire la asidi likakhala nthawi yaitali losadzaza, mchere wa lead sulphate umene umapangika pa mapuleti umauma n'kukhala timiyala tosasungunukanso, ndipo gawo limenelo la batire limatayika. Tsiku lililonse lochedwa ndi kuluza.

Jenereta yandithandizanso kuti firiji iziyenda usiku wonse, choncho ndayiyeza bwino ndi mita ya pa soketi kwa masiku asanu ndi awiri. Kumbuyo kwake kwalembedwa 120W. Mukachulukitsa ndi maola 24 mumapeza 2,880Wh, nambala yoopsa koma yolakwika, poti kompresa imayaka ndi kuzima. Mita yaonetsa pakati pa 780Wh ndi 1,020Wh patsiku, malinga ndi kutentha komanso kangati chitseko chatsegulidwa. Ndatenga 900Wh.

Zinazo ndayeza mawati ake n'kuchulukitsa ndi maola omwe timazigwiritsa ntchito. Mababu asanu ndi limodzi a LED a 7W kwa maola asanu ndi 210Wh. Laputopu 225Wh, TV 180Wh, mafoni onse 45Wh. Chomwe chandidabwitsa ndi rauta. Kanthu kakang'ono, 10W basi, koma sikazima, ndiye patsiku kamadya 240Wh, kuposa mababu onse pamodzi. Zonse zikukwana 1,800Wh.

Tsiku 9

Ndaika shanti pa waya wa negetivi wa mabatire, kachipangizo kowerenga maampu onse olowa ndi otuluka. Ndikanayamba ndi kameneka kalekale.

Usiku ndinazimitsa chilichonse m'nyumba, ngakhale firiji, n'kusiya inveta yokha ili yoyaka. Shanti inaonetsa 0.8A ikutuluka. Pa 25V imeneyo ndi 20W, ndipo kwa maola 24 ndi 480Wh. Inveta ikungokhala osagwira ntchito ikudya kuposa theka la zomwe firiji imadya, ndipo pamene ndinkayala dongosolo loyamba lija sindinaiwerengere n'komwe. Ili ndi batani losungira mphamvu lomwe limaigoneka mpaka itamva kuti china chayaka, koma nditaliyesa mababu ankaphethira ndipo rauta inkangozima, ndiye ndalisiya. Ndingoiwerengera ngati katundu wina aliyense.

Inveta imatayanso pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi posandutsa magetsi a batire kukhala a m'nyumba, choncho 1,800Wh ija imafuna 2,000Wh kuchokera ku mabatire. Kuphatikiza 480Wh, tafika 2,480Wh. Ndikuti 2,500Wh patsiku. Nambala imeneyi ndiyo maziko a zonse zotsatira.

Kumbali ya mabatire, batire la asidi silifuna kutsitsidwa kupyola theka kawirikawiri. Ndiye mwa 9,600Wh ija zanga zenizeni ndi 4,800Wh, zosakwana masiku awiri opanda dzuwa. Ndipo 200Ah yolembedwayo ndi ya pamene batire likukokedwa pang'onopang'ono kwa maola 20. Mukalikoka mwamphamvu limapereka zochepa, monga anaonetsera Wilhelm Peukert mu 1897. Kwa ine izi sizikuvuta kwambiri poti katundu wanga ndi wopepuka.

Tsiku 11

Ndakwera padenga masana kuti ndione chomwe mapanelo akale akuchita. Galasi silimagwirika. Kumbuyo kwa panelo ndayeza 58°C.

Apa ndi pomwe ndamvetsa vuto lenileni, ndipo ndikufuna ndililembe mofatsa chifukwa ndikukhulupirira kuti likuchitikira anthu ambiri. Mawati olembedwa pa panelo amayezedwa m'fakitale pa kuwala kwa 1,000W pa sikweya mita imodzi, maselo ali pa 25°C. Padenga masana maselo sakhala pa 25°C. Akatentha mavoti amatsika. Mapanelo angawa ndi a maselo 60, ndipo amapereka mphamvu yawo yonse pa 30.5V akakhala ozizira. Pa 58°C nambala imeneyo imagwa kufika cha m'ma 26.5V. Tsono mabatire a 24V amafuna akankhidwe mpaka 28.8V ndi kusungidwa pamenepo maola angapo kuti adzaze. Kontrola ya PWM siisintha mavoti, imangolumikiza panelo ku batire mwachindunji, panelo n'kutsatira mavoti a batire. Ndiye batire likamakwera, panelo imachoka pamalo pake abwino n'kuyamba kufooka.

Ndinaziona ndi maso pa mita yopana pa waya. Cha m'ma 11 koloko, mabatire ali pa 25.5V, mapanelo ankatumiza 15A. Pofika 2 koloko mabatire ali pa 27.8V, dzuwa likadali lamphamvu, maampu anali atagwa kufika 8A. Firiji, rauta ndi inveta zinkatengapo pafupifupi 5A. Zotsala 3A, kulowa m'mabatire a 400Ah. Kuli ngati kudzaza mgolo ndi supuni. Pa 28.8V sanafikepo tsiku lonse.

Powerengera zonse, mapanelo awiriwa akupereka cha m'ma 1,700Wh tsiku ladzuwa, nyumba ikufuna 2,500Wh. Mabatire sanali olakwa. Ankangogona ndi njala tsiku ndi tsiku.

Tsiku 12

Masamu a mapanelo atsopano.

Choyamba ndi maola a dzuwa. Sikuti ndi maola kuyambira kutuluka mpaka kulowa kwa dzuwa ayi. Kuwala konse kwa tsiku kumasonkhanitsidwa n'kuwerengedwa ngati maola a dzuwa la 1,000W pa sikweya mita. Tsiku la maola 12 likhoza kukhala ndi maola oterewa asanu okha. Manambalawa amapezeka mwaulere pa intaneti: PVGIS ya European Commission, NASA POWER, ndi Global Solar Atlas ya World Bank. Mumaloza malo anu pamapu, n'kuona mwezi ndi mwezi. Pamalo anga avareji ya chaka chonse ndi 5.5, koma mwezi woipitsitsa ndi 4.2.

Tsopano ndazindikira momwe 500W ija inabwerera. Ndinangogawa ndi avareji ya 5.5, ndipo ndinkaona ngati ndasiya mpata, poti ngakhale 2,500 kugawa ndi 5.5 ndi 455W basi. Masamu amenewo amaganiza kuti miyezi yonse ndi yofanana komanso kuti palibe chotayika panjira. Nyumba yolumikizidwa ku magetsi a kampani ikhoza kugwiritsa ntchito avareji ya chaka, poti mwezi wa mitambo imakoka kwina. Yopanda kwina kokoka iyenera kuwerengera mwezi woipitsitsa, chifukwa dzuwa lochuluka la mwezi wina silisungika mpaka mwezi wa mitambo.

Chachiwiri ndi zotayika. Mapanelo omwe ndikufuna amataya 0.35 peresenti pa digiri iliyonse yopyola 25°C, ndiye pa 60°C ndi 12 peresenti. Fumbi ndaliikira 5 peresenti, mawaya 2, kontrola yatsopano ya mtundu wa MPPT 3. Zikachulukitsidwa zonsezi pamatsala pafupifupi 0.8. Kenako batire la asidi silibweza zonse zomwe mwaikamo, limabweza cha m'ma 85 peresenti, zomwe zikutsitsa nambala ija kufika 0.68. Popeza zina zimadyedwa masana osadutsa m'batire, ndatenga 0.7. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ndi wa mphepo. Mawati anga ndi okhawo ofika ku soketi.

Ndiye wati imodzi ya panelo imandipatsa 4.2 kuchulukitsa ndi 0.7, zomwe ndi 2.94Wh patsiku. Tikagawa 2,500 ndi 2.94 tikupeza 850W.

Ndinatsala pang'ono kuima pamenepa. Koma 850W imangobweza zomwe nyumba yadya tsikulo, osapitirira. Kukachita mitambo masiku awiri mabatire n'kutsika ndi 4,000Wh, dzuwa likabwerera palibe chotsala choti chikwirire dzenjelo. Mabatire angakhale pa theka sabata ndi sabata, timiyala tija tikukula, ngakhale magetsi m'nyumba akuyaka bwinobwino. Funso silongoti nyumba imadya zingati. Funso ndi loti mabatire akatsika adzabwerera pamwamba m'masiku angati. Ine ndikufuna asapyole masiku anayi. Ndiye 4,000Wh kugawa kanayi ndi 1,000Wh yowonjezera patsiku, zonse 3,500Wh, kugawa ndi 2.94, ndi 1,190W.

Ndayesanso njira ina kuti ndione ngati zikugwirizana. Mabatire othira madzi amafuna chaji cha pafupifupi gawo limodzi mwa khumi la kukula kwawo, kuti asidi azitakasika komanso kuti adzaze dzuwa lisanapendeke. Kwa 400Ah ndi 40A, ndipo pa 28V imeneyo ndi 1,120W yofika pa batire penipeni. Njira ziwiri zosiyana zandifikitsa dera limodzi, ndipo yachiwiriyi ikunena kuti ngakhale 1,200W ili m'malire, poti mapanelo a 1,200W sapereka 1,200W masana otentha. Ndayamba kuganiza kuti mapanelo akale ndisawataye.

Tsiku 15

Ndasankha mapanelo atatu a 410W, onse 1,230W. Pa chikwangwani cha kumbuyo: 37.3V osalumikizidwa ku kanthu, 31.3V ndi 13.1A pa mphamvu yonse. Kontrola ndi ya MPPT, yolandira mpaka 150V ndi kutulutsa mpaka 45A. MPPT imasiya panelo igwire ntchito pa mavoti ake abwino, iyo n'kuwatsitsa kuti agwirizane ndi batire, mavoti otsalawo n'kusanduka maampu. Vuto la tsiku 11 lija limathera pomwepo.

Ndiwalumikiza mwa series, pozitivi ya ina ku negetivi ya inzake, kuti mavoti aphatikizane. Atatu ndi 112V. Wogulitsa anandiuza kuti ndiwonjezere yachinayi, poti zinayi ndi 149V, pansi pa 150V. Ndakana. Monga kutentha kumatsitsa mavoti, kuzizira kumawakweza. M'mawa wozizira kwambiri, kuwala kukangogunda maselo akadali pa 0°C, mavoti amakwera ndi pafupifupi 7 peresenti. Atatu amafika 120V, palibe vuto. Anayi amafika 159V, ndipo kupyola malire a mavoti kumawotcha kontrola nthawi yomweyo. Maampu ochuluka kontrola imatha kuwadula yokha, mavoti ochuluka singawakane.

Tsiku 19 ndi 20

Kukhoma.

Kuchokera padenga kufika pa kontrola ndi mamita 12, kupita ndi kubwera 24. Waya wa kopa wa 4mm² pa mtunda umenewu umakana magetsi ndi 0.105 ohm. Mwa series mukudutsa 13A, ndiye akutayika 1.4V mwa 94V, kapena 18W. Ndikanawalumikiza mwa parallel, mapozitivi pamodzi ndi manegetivi pamodzi, mukanadutsa 39A pa 31V, ndipo waya womwewo ukanataya 4V ndi 160W, kungofunditsa khoma. Maampu akachuluka katatu, zotayika zimachuluka kasanu ndi kanayi. Kuchokera pa kontrola kufika ku mabatire ndaika waya wa 16mm² wosakwana mita imodzi ndi theka, ndi fyuzi ya 60A pafupi ndi pozitivi ya batire. Kumbali ya mapanelo ndaika bureka yopangidwira DC, magetsi a mapanelo ndi mabatire. Ya AC, magetsi a m'nyumba, siyenera pamenepa, chifukwa moto wa DC ukathetheka pakati pa zitsulo suzima msanga.

Mapanelo akuyang'ana mbali ya ikweta, ndipo ndawapendeketsa molingana ndi latichudi ya malo ano, n'kuwonjezera pang'ono kukomera miyezi imene dzuwa limadutsa motsika. Pansi pake ndasiya mpata wolowa dzanja lotambasula kuti mphepo izidutsa. Akale aja anali atagona pamalata penipeni, n'chifukwa china ankatentha chomwecho.

Polumikiza, mabatire ndiwo amayamba kulowa ku kontrola, mapanelo pambuyo, kuti kontrola idziwe kaye kuti ili pa 24V. Mnzanga anaima pansi ndi mita pamene ine ndinali padenga. Tisanalowetse mawaya anayeza n'kupeza 106V, chizindikiro cha mainasi chili patsogolo. "Imani kaye achimwene, mwatembenuza." Ndinali nditasinthanitsa mapulagi a MC4 pa waya wotsika. Tinakonza tisanawononge kanthu. Kuyeza kumeneko kunatenga mphindi imodzi.

Ndaika absorption, mavoti omalizitsira kudzaza, pa 28.8V ndi float, mavoti osungira batire lodzaza, pa 27.2V, ndipo kachingwe koyeza kutentha ndakamata pambali pa batire lapakati. Batire la asidi likatentha limafuna mavoti otsikirapo, pakati pa 3mV ndi 5mV pa selo iliyonse pa digiri iliyonse, ndipo maselo otsatizana ali 12, choncho kusiyanako si kochepa.

Tsiku 22

Tsiku loyamba lathunthu, kumwamba kuli mbee. M'mawa wonse ndinali pa kontrola. Pa 9 koloko 21A, pa 11 koloko 35A, ndipo pamwamba penipeni panali 985W, zomwe ndi 0.8 ya 1,230W ndendende monga masamu ananenera. Chapakati pa 12 ndi 1 koloko mabatire anagunda 28.8V kwa nthawi yoyamba popanda jenereta. Nditatsegula chivindikiro chimodzi ndinamva asidi akuwira pang'onopang'ono, timathovu tikukwera.

Kenako mawati anayamba kutsika, 700W, 500W, 350W, dzuwa lili pamutu. Madzulo kontrola inaonetsa 3,300Wh yokha, pamene ndinkayembekeza kupyola 5,000Wh. Ndinayamba kukayikira mapulagi, mpaka ndinatulutsa makwerero. Ndisanakwere ndinakumbukira kuti umu ndi momwe ziyenera kukhalira. Batire limadzaza m'magawo atatu. Mu bulk limameza zonse zomwe mapanelo apereka. Likafika pa mavoti a absorption kontrola imagwira mavotiwo, batire n'kumalandira maampu ocheperachepera lokha. Kenako float. Gawo lomaliza la batire la asidi, kuyambira cha m'ma 80 peresenti kupita m'mwamba, silithamangitsidwa ngakhale mutakhala ndi mapanelo ochuluka bwanji. Limafuna nthawi.

Apa pali chifukwa china chokhalira ndi mapanelo okulirapo chomwe sichinali m'masamu anga. Mabatire ayenera kufika pa 28.8V molawirira, kuti patsale maola awiri kapena atatu a dzuwa omalizitsira absorption. Akafikapo 4 koloko madzulo ndiye kuti afika mochedwa, dzuwa lilowa asanadzaze. Choncho nambala ya madzulo yochepa si vuto tsiku ladzuwa. Mphamvu yomwe sinakololedwe lero ndi imene ikudikira tsiku la mitambo. Pakadali pano ndasamutsira kuchaja laputopu ndi mafoni ku masana.

Tsiku 25

Masiku atatu otsatizana ndaona kuti cha m'ma 8 ndi theka mpaka 9 ndi theka m'mawa mawati amakhala otsika kuposa momwe ayenera, kenako n'kudumpha mwadzidzidzi. Lero ndakwera nthawi yomweyo. Mthunzi wa mlongoti wa eriyo, wowonda ngati ndodo, unali utagona chopingasa pa panelo ya kum'mawa.

Maselo a panelo ndi olumikizana motsatizana, ndiye selo imodzi ikaphimbidwa imatsekereza njira ya anzake. Mkati mwa kabokosi ka kumbuyo muli madayodi atatu omwe amalambalalitsa magetsi gawo lophimbidwa, koma gawo limenelo limakhala latayika kwa nthawiyo. Kamthunzi kosakwana ngakhale chikhatho m'lifupi kankandidyera pakati pa 90W ndi 130W kwa ola lathunthu, nthawi ya bulk imene wati iliyonse imalowa m'batire. Mlongoti ndausamutsira kuseri kwa mapanelo. Ndatsukanso galasi ndi madzi ndi nsalu yofewa, m'mawa lisanatenthe.

Tsiku 30

Haidiromita tsopano ikuonetsa pakati pa 1.24 ndi 1.25 m'maselo ambiri. Lero ndachita equalization, kukweza mavoti dala mpaka 31V kwa maola awiri monga buku la mabatirewa likunenera, kuti maselo otsalira afanane ndi anzawo ndipo asidi wokhazikika pansi asakanikirane. Izi ndi za mabatire othira madzi okha. Omata aja a AGM ndi gel musawayese pokhapokha wopanga atanena. Ndinazimitsa inveta, kutsegula chitseko ndi zenera poti pamatuluka mpweya wa haidrojeni womwe umaphulika, ndi kuvala magalasi ndi magolovesi. Pomaliza ndawonjezera madzi a batire otchezedwa (distilled water), osati a pampopi.

Maselo 23 afika 1.26 kapena 1.27. Imodzi, yachinayi m'batire lachitatu, yakanirira pa 1.22. Ndailemba chizindikiro ndi choko. Miyezi ya njala ija yasiya chipsera, ndipo zikundipweteka chifukwa zinali zopeweka.

Tsiku 33

Mapanelo akale abwerera padenga, pa fulemu yawoyawo yokwezeka. Sindinawaphatikize ndi atsopano. Mu series maampu amatsatira panelo yofooka, ndiye akale a 8.2A akanakokera pansi atsopano a 13.1A. Ndawalumikiza awiriwo mwa series, 75V, ku kontrola ina yaing'ono ya MPPT ya 100V ndi 20A, yopita ku mabatire omwewo ndi fyuzi yake. Makontrola onse ndawaika mavoti ofanana kuti asamakanganirane. Masana ano awiriwa apereka 13A, ndipo pamodzi ndi atsopano shanti yaonetsa 43A ikulowa m'mabatire firiji ili yoyaka. Gawo limodzi mwa khumi lija lakwana. Pa 28.8V tafika 11 koloko isanakwane.

Mapanelo omwewa, omwe ndinkawayesa opanda pake, akugwira ntchito bwino atangopatsidwa kontrola yoyenera ndi mpweya pansi.

Tsiku 41 mpaka 45

Mayeso enieni afika okha. Masiku atatu a mitambo yakuda ndi mvula yowaza. Mapanelo onse asanu, 1,730W papepala, apereka 1,400Wh tsiku loyamba, 900Wh lachiwiri, 1,600Wh lachitatu. Tsiku lachiwiri masana ndinaona 110W yokha kwa nthawi yaitali. Mitambo siizimitsa mapanelo, koma yokhuthala imasiya kachigawo kochepa kwambiri.

Shanti inkatsika m'mawa uliwonse: 86 peresenti, 75, 58. Usiku wachitatu tinagwirizana m'nyumba kuti TV ipume ndipo laputopu idikire. M'mawa wa tsiku lachinayi inali pa 52 peresenti, inveta osalira. Kunacha bwino, ndipo tsiku limenelo mapanelo anakolola 6,400Wh, bulk tsiku lonse, osataya kanthu. Madzulo shanti inali pa 88. Tsiku lotsatira absorption inayamba 11 koloko, ndipo pofika 3 koloko maampu olowa anali atatsika kufika 7A pa 28.8V, pansi pa 2 peresenti ya 400Ah, chizindikiro choti adzazadi. Haidiromita inavomereza. Ndinkafuna masiku anayi, zatheka m'masiku awiri.

Ndikanaima pa 850W ija, tsiku ladzuwa likanabweretsa cha m'ma 3,300Wh, nyumba n'kudya 2,500Wh, zotsala zosakwana 700Wh zitalowa m'batire. Dzenje la 4,600Wh likanatenga sabata yathunthu ya dzuwa losadukiza, ndipo m'nyengo ya mitambo sabata yotero siipezeka.

Pali chinthu chimodzi chomwe masiku amenewa aonetsa. Tsiku lachinayi la mitambo likanatipyoletsa theka. Pamenepo kuwonjezera mapanelo kumathandiza pang'ono chabe, chofunika ndi mabatire okulirapo kapena jenereta ya pangozi. Kukula kwa mabatire kumanena masiku omwe mungapirire, kukula kwa mapanelo kumanena liwiro lobwerera, ndipo mukakulitsa mabatire osakulitsa mapanelo mwangokumba dzenje lalikulu lomwe simungalikwirire.

Tsiku 50

Selo ya choko ija yakwera kufika 1.23 basi. Ndiziyiyeza Loweruka lililonse. Ikayamba kutsika anzake ali pamwamba, ndiye kuti batire lachitatu lili panjira, ndipo kuika latsopano limodzi pakati pa akale atatu si nzeru, poti latsopanolo limakalamba msanga potsatira anzake.

Ndayamba kuwerengera za mabatire a lithiyamu a LiFePO4 nthawi imeneyo ikadzafika. Maselo asanu ndi atatu a 3.2V amapereka 25.6V, ndipo 200Ah ndi 5,120Wh. Popeza amalola kutsitsidwa mpaka 80 kapena 90 peresenti, zogwiritsa ntchito ndi pakati pa 4,100Wh ndi 4,600Wh, kuyandikira 4,800Wh ndili nazo panopa. Amabweza cha m'ma 95 peresenti ya zomwe mwaikamo, safuna absorption yaitali, ndipo kukhala osadzaza sikuwawononga. Koma safuna kuchajidwa pansi pa 0°C, ndipo ndiyenera kuona ngati BMS yake, kachipangizo koteteza maselo, ingalandire mpaka 65A yomwe makontrola awiriwa angatumize pamodzi mapanelo akazizira. Mapanelo omwe alipowa akwanira, sindidzawonjezera.

Mwezi wa 4.2 uja sunafike, watsala milungu isanu ndi iwiri. Manambala onse abwinowa ndawapeza dzuwa likadali pamwamba pa 5. Ndakhoma pepala pakhoma pafupi ndi kontrola, ndipo tsiku lililonse ndikulembapo zinthu zitatu: peresenti ya shanti 6 koloko m'mawa, nthawi yomwe absorption yayamba, ndi ngati float yafika. Mwezi umenewo float ikalephera kufika masiku asanu otsatizana kunja kuli kowala, ndikweza kupendekeka kwa mapanelo atatu aja ndi madigiri 10, mabowo ake ndinaboola kale pa fulemu, ndipo rauta ndiichotsa pa inveta n'kuiika pa kachipangizo kotsitsa 24V kukhala 12V.